Njira za makolo zotsikira ku Mua: kodi lamulo likuziteteza?

Kunja kusanayere bwino, tinjira totsika phiri kuchokera ku Bembeke timakhala titadzuka kale. Amayi osenza madengu a kachewere, kabichi ndi nyemba amatsetsereka mosamala, phazi likuyamba lafufuza mwala wokhazikika lisanaponde. Pamwamba pamakhala chisanu cholowa m'mafupa, koma munthu akamayandikira Mua juzi imavulidwa n'kumangidwa m'chiuno, chifukwa mpweya wotentha wa kunyanja wamulandira. Madzulo anthu omwewo amakwera ndi usipa, mpunga kapena mango. Pakati pa mapiri a Dedza ndi chigwa cha Mua, Golomoti ndi Mtakataka pali kusiyana kwa mamita pafupifupi 1,000, ndipo mapazi a anthu akhala akulumikiza mbali ziwirizi kwa zaka mazanamazana.

Nyumba zakale, miyala yojambulidwa ndi nkhalango zili ndi malamulo ozisamala. Nanga njira imene inafikitsa anthu kumalo amenewa ili ndi mwini? Mafunso ndi mayankho otsatirawa akuunika nkhaniyi.

Kodi njira ya mbiri ya dziko imasiyana bwanji ndi msewu wamba?

Msewu umamangidwa kuti munthu afike msanga kumene akupita. Njira ya mbiri imasungidwa chifukwa cha zimene zinachitika pa iyo, kapena chifukwa cha kukongola kwa malo amene imadutsa. M'maiko amene ali ndi malamulo a nkhaniyi, njirazi amazigawa pawiri. Zina ndi zoonerapo chilengedwe: munthu amayenda wapansi m'mapiri, m'nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje. Zina ndi zotsata mapazi a anthu akale, kaya amalonda, othawa nkhondo, akapolo kapena ofalitsa chipembedzo.

Njira yotere si kamzere kopondedwa kokha. Ili ndi doko lowolokera mtsinje, mtengo wa mthunzi wopumulirapo, kasupe womwapo madzi, mphambano yothirapo nsembe ndi maina a malo amene amakumbutsa nkhani. Mtengo ukadulidwa, kasupe akauma, dzina likaiwalika, njirayo imafa ngakhale kuti anthu akupondabe pomwepo.

Ndi njira ziti za m'dera la Mua zimene zili ndi mbiri yotere?

Yakale kwambiri ndi ya malonda a Amaravi. Pafupi ndi Mtakataka pali Mankhamba, malo amene mbiri ya Achewa imawalumikiza ndi likulu la Kalonga. Katswiri wofukula zakale wa kuno kwathu, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalowa ndipo anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zadothi za ku China, zinthu zamkuwa ndi minyanga ya njovu. Zimenezi anazifotokoza m'buku lake lomwe linatuluka mu 2020. Mbale ya ku China sinadzere m'mlengalenga kuti ifike ku Mtakataka. Inasenzedwa pamutu kuchokera kugombe la nyanja ya mchere, kudzera m'njira zodziwika bwino kwa anthu a nthawiyo. Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa mu 1616 kudzera m'dziko la Amaravi, umboni woti njira zazitali zinalipo kale.

M'zaka za m'ma 1800 njira zomwezo zinasanduka za misozi. Magulu a amalonda ankatsitsa minyanga ndi anthu omangidwa m'magoli kuchokera kumtunda, kulowera kumadoko a nyanja kapena kuzungulira kumwera kwa nyanjayo kudzera kwa Mponda, ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone, amene anafika pa nyanja ya Malawi mu Seputembala 1859, anadutsanso kumwera kwa nyanjayi mu 1866, n'kukwera mapiri a kumadzulo amene iye anawapatsa dzina la mnzake John Kirk.

Pali njira ya Angoni. M'zaka za m'ma 1890, mkangano wa ufumu pakati pa Angoni a Maseko utafika pa nkhondo, Kachindamoto ndi anthu ake anatsika phiri n'kukhazikika kuchigwa. N'chifukwa chake likulu la Inkosi Kachindamoto lili ku Mtakataka lero.

Pali njira ya amishoni. Ansembe a chipani cha White Fathers anayesa kukhazikika kwa Mponda mu 1889 koma anachokako mu 1891. Atabweranso anatsegula Mua mu 1902, kenaka Mtakataka ndi Bembeke zaka khumi zisanathe. Kutentha ndi malungo a kuchigwa zikawafoola, ankakwera ku Bembeke kukapuma, ndipo makalata, katundu ndi odwala ankayenda pamitu ndi pamapewa a amtengatenga. Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Katolika mu 1937, amenenso anakhala episkopi woyamba wa Dedza, anali mwana wa dera la Mua.

Pamwamba pa zonsezi panabwera njanji, imene inadutsa ku Golomoti ndi ku Mtakataka n'kufika ku Salima mu 1935, ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, umene aliyense wotsika nawo amaona chigwa chonse ndi nyanja zitayalidwa ngati mphasa.

Kodi Malawi ali ndi lamulo loteteza njira zoterezi?

Lamulo loima palokha la njira za mbiri kulibe. Limene layandikira kwambiri ndi la zipilala ndi zinthu zakale, Monuments and Relics Act, la 1990, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo la 1965. Ntchito yolitsata ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala.

Lamuloli lili ndi mano. Limapatsa nduna mphamvu yolengeza m'gazeti ya boma kuti malo akutiakuti ndi otetezedwa. Malo akalengezedwa chotero, munthu saloledwa kuwagumula, kuwasintha kapena kukumbapo popanda chilolezo. Wopeza chinthu chakale ayenera kudziwitsa boma, ndipo kutulutsa zinthu zotere kunja kwa dziko popanda chiphaso ndi mlandu. Likunenanso kuti wofuna kuyamba chitukuko chachikulu adziwitse boma akadali pa mapulani, kuti akatswiri apulumutse zakale makasu a makina asanafike.

Tanthauzo la chipilala m'lamuloli ndi lotambasuka ndithu. Limaphatikiza nyumba, manda, mapanga, zojambula pamiyala, malinga, ngakhalenso malo okongola mwapadera kapena okhala ndi zomera zosowa. Choncho khomo lotetezera zigawo zina za njira lilipo.

Vuto lili pa kagwiridwe kake. Lamuloli linazolowera kugwira chinthu chokhala pamalo amodzi, monga mtengo wa Livingstone ku Nkhotakota, Mwala wa Mphini kufupi ndi Monkey Bay, kapena manda a amishoni ku Cape Maclear. Njira ndi chinthu chachitali. Imayamba m'munda mwa munthu, n'kulowa m'nkhalango ya boma, n'kudutsa pamalo a mpingo, n'kuwoloka msewu ndi njanji, n'kukathera m'dera la mfumu ina. Lamulo la 1990 silikonza dongosolo loti eni malo onsewa azisamala njira imodzi mogwirizana.

Ngati ndi choncho, ndi malamulo ena ati amene amakhudza njirazi?

Alipo angapo, ndipo lililonse limagwira kachigawo kake.

Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, ndilo limalamulira njira ikangolowa m'nkhalango ya Mua-Livulezi, imene inakhazikitsidwa mu 1924. Lamuloli limalola boma kugwirizana ndi midzi yozungulira pa kasamalidwe ka nkhalango, ndipo limazindikira nkhalango za m'midzi ndi makomiti ake. Koma diso lake lili pa mitengo, nthaka ndi magwero a madzi. Mbiri ya anthu amene anadutsa pansi pa mitengoyo si ntchito yake.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'dera la gulupu aliyense ndi mwayi woti banja lilembetse malo ake. Apa pali mwayi komanso ngozi. Njira ikajambulidwa pa mapu nthawi yolembetsa malo, yapulumuka. Ikaiwalika, mwini malo akhoza kudzamanga mpanda mawa, ali ndi chikalata m'manja, ndipo wotsutsa adzasowa pogwira.

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Chigwa cha Golomoti ndi Mtakataka chikukopa ntchito zotere, monga sikimu ya mthirira ya Bwanje ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 ku Golomoti. Chitukuko chotere n'chofunika, ndipo chidzabwera china. Koma wounika malo amateteza chimene wauzidwa kuti chilipo. Njira yosalembedwa paliponse siioneka pa pepala lake.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa khonsolo ya Dedza mphamvu yopanga malamulo a m'dera lake. Pamwamba pa onsewa pali malamulo aakulu a dziko a 1994, amene gawo lake la 26 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chiyankhulo ndi chikhalidwe chimene wasankha.

Malamulo ndi ambiri, maofesi ndi ambiri, koma palibe ofesi imodzi imene munthu angagogode kukanena kuti njira ya Mua yatsekedwa, n'kuyankhidwa kuti nkhaniyo ndi yawo.

Kodi si zoona kuti njira za akapolo za m'Malawi zili kale m'kaundula wa UNESCO?

Zili pa mndandanda woyembekezera, osati m'kaundula weniweni. Mu 2011 boma la Malawi linapereka ku UNESCO maina a malo amene likufuna kuti adzalowe m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Pakati pawo panali njira za akapolo pamodzi ndi njira ya Livingstone. Malo otchulidwa ndi monga Nkhotakota, kumene kunali wamalonda a akapolo Jumbe, Karonga, kumene wamalonda a akapolo wina, Mlozi, anagonjetsedwa mu 1895, dera la Mangochi, ndi linga la Fort Lister ku Phalombe, lomwe linamangidwa mu 1893 kuti litseke mpata umene magulu a akapolo ankadzera.

Kukhala pa mndandandawu sikuteteza mwala ngakhale umodzi. UNESCO ilibe apolisi. Isanavomereze malo, imafunsa dziko lopempha kuti lisonyeze malire ake pa mapu, lamulo lowateteza ndi dongosolo lowasamalira. Apa ndi pamene kusowa kwa lamulo la njira kumapweteka. Malo amene Malawi anakwanitsa kulowetsa m'kaundula ndi okhala ndi malire odziwika: paki ya nyanja ya Malawi mu 1984, zojambula pamiyala za ku Chongoni mu 2006 ndi phiri la Mulanje mu 2025.

Tanzania nayo inaika pa mndandanda woyembekezera njira ya akapolo ndi minyanga yochoka ku Ujiji kukafika ku Bagamoyo. Ndipo njira yaitali ikhoza kulowadi m'kaundula: ya ku Santiago de Compostela ku Spain inalowa mu 1993, ndipo misewu ya Ainka, Qhapaq Ñan, inalowa mu 2014 maiko 6 a ku South America atagwirizana.

Maiko amene ali ndi lamulo lotere analikonza motani?

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha ku America. Pa 2 Okutobala 1968, Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo la National Trails System Act. Njira ziwiri zoyamba kulowa pansi pake zinali Appalachian Trail, yotalika makilomita pafupifupi 3,500 kudutsa zigawo 14, ndi Pacific Crest Trail. Mu 1978 anawonjezera gulu la njira za mbiri, kuyambira ndi Oregon, Mormon Pioneer, Lewis and Clark ndi Iditarod. Lero kuli njira 11 zoonerapo chilengedwe ndi zoposa 20 za mbiri.

Mfundo zake zingapo n'zothandiza kuno. Njira imalowa m'gululi pokhapokha Nyumba ya Malamulo itavomereza, kawirikawiri kafukufuku atachitika. Njira iliyonse imapatsidwa nthambi imodzi ya boma yoiyang'anira, ngakhale idutse m'malo a eni ambiri. Imakhala ndi dongosolo lolembedwa ndi chizindikiro chake. Ndipo lamulo limatsegulira khomo anthu ongodzipereka: pa Appalachian Trail, ntchito yolambula ndi kupaka timizere toyera pamitengo imagwiridwa makamaka ndi magulu a anthu wamba.

Chinanso n'chakuti sanasankhe mbiri yokoma yokha. Mu 1987 anateteza Trail of Tears, njira imene Acherokee anadutsa atathamangitsidwa m'dziko lawo. Mu 1996 anateteza msewu wa makilomita 87 wochoka ku Selma kupita ku Montgomery, umene anthu akuda anayendapo mu 1965 pomenyera ufulu wovota.

Ku England anatsata njira ina. Lamulo la 1949 linalamula makhonsolo kujambula mapu ovomerezeka a tinjira tonse timene anthu ali ndi ufulu woyendamo. Kanjira kakakhala pa mapuwo, mwini munda amalima ndithu, koma saloledwa kukatseka. Maganizo amenewa si achilendo kwa Mchewa, Mngoni kapena Myao. Pamudzi aliyense amadziwa kuti njira ya kumadzi, ya kumanda ndi ya kudambo satseka. Kusiyana kwake n'kwakuti Angerezi anazilemba.

N'chiyani chikuwononga njirazi panopa?

Choyamba ndi kutha kwa mitengo. Makala ochokera m'mapiri a m'mbali mwa chigwa amaunjikidwa m'matumba m'mphepete mwa msewu wa M5, ndipo pamene panali uvuni pamatsala dazi lakuda. Phiri likavulidwa, madzi a mvula amatsata njira ya anthu popeza ndiyo yotsetsereka kale. Chaka chimodzi pamakhala kangalande, chaka chinacho chigwembe chofika m'chiuno. Oyenda amalambalala n'kuponda pena, ndipo m'zaka zochepa palibe amene angaloze pamene panadutsa njira yeniyeni.

Chachiwiri ndi moto wa m'chilimwe, umene umapha mitengo yaing'ono ndi kufooketsa ikuluikulu yomwe inali zizindikiro za apaulendo. Chachitatu ndi kuchepa kwa malo: anthu akuchuluka, minda ikukwera phiri, ndipo khasu limadya njira mzere umodzi chaka chilichonse.

Chachinayi sichioneka ndi maso. Kabaza wa njinga yamoto ndi minibasi zachepetsa oyenda wapansi, ndipo agogo amene ankadziwa kuti mwala uwu unkatchedwa chiyani, kapena kuti amtengatenga ankatula pati katundu, akutha mmodzimmodzi. Dzina la malo ndi chikalata cha anthu amene sankalemba. Likapita ndi mwini wake kumanda, palibe wofukula zakale amene angalikumbe.

Kodi lamulo lotere silingalande anthu minda?

Funso ili ndi loyenera, ndipo anthu a kuchigwa ali ndi chifukwa cholifunsira. M'madera ambiri a dziko lino mawu akuti malo otetezedwa amakumbutsa kusamutsidwa, alonda ndi chindapusa. Ku America komwe, boma litayamba kugula malo m'mbali mwa Appalachian Trail, panabuka mikangano ndi eni malo, ndipo pa njira zambiri zimene zinabwera pambuyo lamulo linachepetsa mphamvu ya boma yotenga malo mokakamiza.

Njira yapansi sifuna malo ambiri. Mamita awiri kapena atatu m'lifupi ndi okwanira, kuwonjezapo malo ochepa ozungulira kasupe, doko kapena mtengo wa mbiri. Munda umakhalabe wa mwini wake. Chimene lamulo lingafune kwa iye n'chakuti asatseke, asalime pakati pa njira, asadule mtengo wa chizindikiro. Pamene pafunikadi kutenga malo, malamulo aakulu a dziko amanena kale kuti pakhale chipukuta misozi choyenera. Lamulo labwino liyeneranso kunena poyera kuti woyamba kukhala ndi ufulu pa njirayo ndi mayi wa dengu la kachewere uja. Iye sayenera kulipira kapena kupempha chilolezo kuti adutse pamene agogo ake ankadutsa.

Nanga malo achinsinsi monga dambwe, manda ndi akachisi?

Apa m'pofunika kudekha. Njira zakale zimadutsa pafupi ndi malo amene mwambo sulola munthu wosavinidwa kufikako. Kuika chikwangwani cholozera alendo kudambwe kungakhale kunyoza eni mwambo, ndipo mudzi ungakane ntchito yonseyo tsiku lomwelo.

Dera la Dedza lili ndi zitsanzo ziwiri zophunzirirapo. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala. Zofiira ndi za Akafula, pamene zoyera zambiri ndi za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Alendo amaperekezedwa kumalo ochepa odziwika monga Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze, osati paliponse.

Chitsanzo china chili pa Mua penipeni. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa likulu la chikhalidwe ndi luso la KuNgoni mu 1976. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare, imene dzina lake likukumbutsa mmishonale Champmartin, imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo muli zigoba za gule wamkulu mazana angapo. Makoma ake akunja ajambulidwa mbiri ya dziko. Chapafupi, amisiri amakhala pamthunzi ndi kasemasema m'manja, tizipalamandu tikugwera pamapazi, nkhope ya munthu ikutuluka pang'onopang'ono m'chipika. Kumunsi mtsinje wa Nadzipokwe ukuwomba pamiyala. Zonsezi zinatheka chifukwa cha zaka zambiri zokhala pansi ndi mafumu ndi akuluakulu a mwambo, pamalo pomwe kale amishoni ndi anyau ankaonana ndi diso lofiira. Gule wamkulu yemweyo UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse.

Phunziro lake n'loti eni mwambo ndiwo anene chimene chionetsedwe ndi chimene chibisike. Lamulo lilole kuti malo ena alembedwe m'kaundula wotsekedwa, wodziwika kwa mfumu ndi boma okha, kuti atetezedwe ku makina a chitukuko popanda kuwaika pa mapu a alendo. Ngati pafunika kutero, njira ya alendo ipatuke n'kulambalala.

Anthu a m'midzi angapindule chiyani?

Mlendo wobwera pa galimoto amaona nyumba ya Chamare, kugula chosema chimodzi n'kupitirira ulendo wa ku Mangochi kapena ku Salima. Mlendo woyenda wapansi kuchoka ku Bembeke amafuna womuperekeza, womunyamulira chikwama, chakudya cha panjira ndi pogona. Ndalama yake imagwa m'midzi imene galimoto siifika.

Ku Mulanje zimenezi zikuchitika kale. Operekeza alendo ndi onyamula katundu ali ndi bungwe lawo, pamwamba pa phiri pali nyumba zogonamo, ndipo mpikisano wothamanga wa onyamula katundu umachitika chaka ndi chaka. Dera la Mua lili ndi mwayi wina umene madera ambiri alibe: munthu akhoza kuyamba ndi zojambula za ku Chongoni, kudutsa ku Bembeke, kutsikira ku Mua, kukafika ku Mankhamba n'kuthera pagombe la nyanja, ndipo m'masiku ochepa wayenda m'mbiri ya Akafula, Amaravi, Ayao, Angoni ndi amishoni.

Komabe si bwino kulonjeza anthu chuma chimene sichinabwere. Alendo akunja amabwera mwa nyengo, ndipo mliri wa Covid-19 unaonetsa mmene amasowera mwadzidzidzi. Phindu lokhalitsa ndi la pakhomo: njira yosakokoloka yopitira kumsika ndi kuchipatala cha Mua, mitengo yogwira nthaka kuti madzi asasefukire m'minda ya kuchigwa, ndi ana asukulu ophunzira za Kalonga ataima pamene Kalonga anakhala.

Lamulo la Malawi la njira za mbiri liyenera kukhala ndi mfundo ziti?

Liyambe ndi kuzindikira njira ngati chinthu chimodzi kuchokera koyambira mpaka kothera, kaya likhale lamulo latsopano kapena mutu wowonjezera m'lamulo la 1990. Likhazikitse kaundula ndi mapu ovomerezeka, amene makomiti a malo, ounika zachilengedwe ndi omanga misewu azikakamizidwa kuwaona asanayambe ntchito.

Njira iliyonse ikhale ndi ofesi imodzi yoyankha mafunso, ndi komiti yokhalamo mafumu, khonsolo, a zankhalango, mipingo, eni mwambo, amayi ndi achinyamata. Mudzi ukhale ndi mphamvu yopempha wokha kuti njira yake ilembedwe, osadikira kuti maganizo achokere ku Lilongwe. Gawo lodziwika la ndalama zimene alendo amalipira litsale m'midzi, ndipo liziwerengedwa poyera pabwalo la mfumu.

Zikwangwani zilembedwe m'Chichewa choyamba, ndi maina enieni a malo. Mbiri inenedwe yonse. Njira imene Livingstone anadutsa kamodzi inapondedwa ndi anthu zikwizikwi a dziko lino iye asanabadwe, ndipo anamulondolera ndi eni dera. Nkhani ya ukapolo ifotokozedwe moona, koma mosaloza chala mtundu uliwonse wa anthu amene lero akukwatirana ndi kupemphera moyandikana ku Mtakataka ndi ku Golomoti.

Podikira lamulolo, n'chiyani chingachitike lero?

Zambiri sizifuna Nyumba ya Malamulo. Gulupu aliyense akhoza kuitana akuluakulu a m'dera lake, n'kuyenda nawo njira yakale pamodzi ndi achinyamata okhala ndi foni zojambula ndi zolozera malo, kulemba dzina la mwala, doko ndi mtengo uliwonse. Aphunzitsi a mbiri m'sukulu za ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka akhoza kupereka ntchito yomweyo kwa ophunzira awo. Zolembazo zisungidwe kwa mfumu, ku khonsolo ndi kumalo ngati KuNgoni.

Makomiti a malo, polembetsa minda, aonetsetse kuti njira za anthu onse zajambulidwa pa mapu. Makomiti a nkhalango aike m'mapangano awo mfundo yosadula mitengo ya m'mbali mwa njira, ndipo mvula isanagwe midzi itseke zigwembe ndi miyala ndi udzu wa vetiva. Khonsolo ya Dedza ikhoza kupanga lamulo la m'dera loletsa kutseka njira zolembedwa. Mafumu akhoza kulembera nthambi yoona za zipilala kupempha kuti malo ofunika kwambiri alengezedwe m'gazeti pansi pa lamulo la 1990, lomwe likugwira ntchito kale.

Aphungu a Dedza ndi Salima ali ndi udindo wokafunsa m'Nyumba ya Malamulo kuti ntchito ya njira zimene zinaperekedwa ku UNESCO mu 2011 yafika pati, ndi kupempha kuti lamulo la zipilala likonzedwe kuti lizindikire njira. Owerenga amene ali ndi agogo odziwa njira ya ku Bembeke, ya ku Mankhamba kapena ya kudoko, apite akakhale nawo pansi chilimwe chino, kope ndi cholembera zili m'manja, alembe maina a malowo ndi kukawapereka kwa mfumu yawo.